Nkhadze ya ku Doko la Mbuzi

Chaka chimene chimanga chathu chinauma chisanabereke, amuna anga a Lazaro anati tipite kunyanja ya Kariba. Anali atamva kwa munthu wina wa kwathu ku Mlolo kuti eni zombo zophera kapenta akufuna amuna amphamvu, ndipo akazi amapezako ganyu yoyanika. Ine ndinavomera msanga. A Lazaro anali mkamwini pamudzi pathu, ndipo munda umene atsibweni anga anatigawira unali wamiyala. Ndinkaona mmene ankachepera pamaso pa abale anga chaka ndi chaka, mpaka anasiya kuyankhula pabwalo. Mwana wathu Tiyanjane, amene timangomuti Tiya, tinamusiya kwa amayi anga kuti asaleke sukulu.

Tisananyamuke tinapita ku Pembamoyo kukatsanzika kwa abale awo. Apongozi anga anangolira. Koma alamu anga a Dorika, mlongo wawo wamkulu wa a Lazaro, tinawapeza akuswa nsawa pakhonde ndipo sanadzutse mutu.

“Mlamu, m'banja mwathu mulibe amene anakwerapo bwato,” anatero. “Mukumutenga ndinu. Mudzabwere naye.”

Ndinaseka, ndikuti inde alamu, tidzabwera tonse titanenepa.

Malo amene tinafikira anthu akum'mawa tinkawatcha Doko la Mbuzi, chifukwa mbuzi zinalipo zambiri kuposa anthu. Kunalibe msewu. Ukatsika basi ku Siavonga unkadikira bwato la injini, ndipo likachedwa unkagona padoko. Eni mudzi anali Atonga, nyumba zawo zochepa zili m'munsi mwa phiri, ndipo kutsogolo kwake kunali mchenga ndi mathandala a waya oyanikirapo kapenta. Kutentha kwake sindinakuonepo kwathu. Amuna ankapita ndi zombo dzuwa likapendeka n'kubwera m'mawa, ife akazi n'kulandira nsombazo, kuzithira mchere, kuziyala ndi kuzitembenuza. Fungo linkalowa mpaka m'tsitsi. Netiweki inkapezeka pamwamba pa phiri pokha, choncho Lamulungu lililonse tinkakwera, a Lazaro atanyamula foni m'thumba la malaya, kuti timve mawu a Tiya. Ndalama zinkabwera mwezi ukakhala wamdima, chifukwa kapenta amatsata nyale. Mwezi ukawala zombo zinkapuma, ife n'kumadya zimene tasunga.

Titakhala kumeneko mvula zingapo, a Lazaro anatsika m'chombo m'mawa wina akunjenjemera, mutu ukuwawa kwambiri. Masiku amenewo panyanja panali mphepo yoipa, ndipo palibe mwini bwato amene anavomera kutiwolotsa kupita kuchipatala. Ndinawafunditsa nsalu yonyowa, ndinawamwetsa mapiritsi amene anzathu anali nawo. Anamwalira masana, ine ndikuwakupiza ndi chivundikiro cha ndowa.

Ndinakwera phiri ndekha kukaimba ku Pembamoyo. Alamu anati ndibwere ndi thupi la a Lazaro. Ndinafotokoza za mphepo, za kutentha, kuti kulibe galimoto ndipo thupi silingadikire. Iwo anangobwereza kuti ndibwere nawo, foni n'kuduka.

Tinawaika m'mawa mwake pamtunda wa pamwamba pa mchenga, pamene Atonga ankaikapo alendo. Amene anatsogolera kukumba anali a Mweemba, Mtonga amene ankagwira nawo ntchito m'chombo chimodzi. Pamalopo panali kale milu ina ya anthu a kwina, yopanda mitanda, yopanda mayina. Ndinaopa kuti mvula ikafafaniza mulu sindidzapazindikira. Ndiye ndinachita monga timachitira kwathu. Munthu wina wa ku Katete anali ndi nkhadze pakhola lake, ndinapempha nthambi n'kukaibzala kumutu kwa a Lazaro. Nkhadze siifa ndi dzuwa, ndipo mbuzi siziikonda. Ndinati bola iyi ilipo, amuna anga sadzasowa.

Nditakweranso phiri kukanena kuti taika, alamu anayankhula pang'onopang'ono, ndipo mawu awo ndimawakumbukira onse.

“Mwamutaya ngati galu kuchilendo. Ife sitikumetani, sitikusudzulani, mpaka mudzabwere naye.”

Kwathu mkazi wamasiye sakhala womasuka mpaka abale a mwamuna atamumeta tsitsi la maliro ndi kumusudzula. Ndinamanga duku, ndipo tsitsi langa sindinalikhudzenso ndi lumo. Ndinafunsa za kufukula thupi. Anandiuza kuti pamafunika makalata, apolisi, bokosi lapadera ndi galimoto yochokera kunyanja mpaka ku Chadiza. Ndinayamba kusunga, koma ndikasunga pang'ono Tiya ankafuna yunifomu, amayi ankafuna feteleza, ndipo ndinkatumiza. Amayi ankati ndingobwera, pakhomo ndi panga. Ine ndinkaopa. Ndinkadziwa kuti ndikafika ndi tsitsi la maliro, mwana aliyense akadwala pamudzi anthu adzati zabwera ndi ine. Ndi a ku Pembamoyo sitinayankhulanenso, ndipo abale anga nawo analeka kuyenderana nawo. Apongozi anga atamwalira ndinamva kwa Tiya patapita masabata.

Kusungulumwa kwa kumeneko kunali kwa masana, osati kwa usiku. Kapenta akauma, akazi anzanga ankakhala pamthunzi kumacheza m'Chitonga, ine ndikumva pang'ono, kuseka mochedwa. Ndinkanyamuka kukakhala pafupi ndi nkhadze ija n'kumawauza a Lazaro mtengo wa mchere, ndiponso kuti mwana wakhoza mayeso.

Kenako kunabwera msewu. Anaulambula ndi thirakitala kuchokera kumsewu waukulu, ndipo asodzi anasangalala kuti ogula azifika okha. Koma oyamba kufika anali anyamata ndi atsikana a ku Lusaka, ndi magalimoto ataliatali ndi mabokosi a mowa wozizira. Ankasamba pamene ife tinkachapa, ankajambula mabwato athu, ankajambula ndi ife amene osapempha. Zithunzizo zinayenda m'mafoni, ndipo Loweruka lililonse magalimoto ankachuluka. Ana a pamudzi anaphunzira kugulitsa nsomba zootcha ndi kulondera magalimoto. Ena anamanga timashopu. Sindinganame, ndalama inalowa m'mudzi imene sitinaionepo, ndipo munthu akadwala galimoto inkapezeka tsiku lomwelo. Ndinkaiona ikudutsa ndi wodwala n'kumaganiza za a Lazaro.

Patapita nthawi munthu wina wachuma anatenga gombe lonse. Anazika mitengo ya simenti, anakoka waya. Mathandala athu anawasamutsira kuseri kwa phiri chifukwa alendo ankadandaula fungo, ndipo zombo anaziuza kuti zizikocheza kutali. Anamanga loji, nyumba zozungulira zofolera udzu ngati za kumudzi koma m'kati muli magetsi ndi madzi otentha. Pachipata anaika chikwangwani cha dzina lachingerezi, ndipo dzina la Doko la Mbuzi linatsala pakamwa pa ife akale. Akazi achitonga amene anabadwira pagombe limenelo anayamba kuzungulira mpanda kuti akatunge madzi.

Manda aja anagwera m'kati mwa waya. N'chifukwa chake nditamva kuti akufuna ochapa ndinapita m'mamawa kukaima pachipata. Anandilemba. A Mweemba nawo anali atasiya chombo chifukwa cha msana, anawalemba ntchito ya maluwa. Tsiku lililonse ndinkadutsa pamtunda paja ndi dengu la nsalu za pabedi, n'kupatsa moni chamumtima. Nkhadze inali itakula kundiposa. Abwana ankangoiona ngati chitsamba, ndipo ine sindinanene kanthu, poopa kuti akadziwa adzaichotsa.

Chaka china mwendo wanga unatupa ndipo anandigoneka kuchipatala ku Siavonga miyezi ingapo. Nditabwerera ndinalowa pachipata, ndinayang'ana kumtunda, ndipo mtunda panalibe. Anali atausalaza ndi thirakitala kuti gombe likule. Pamwamba anathira mchenga woyera wobwera ndi malole, n'kuzika timisasa ta udzu tofanana tokhatokha, pansi pake mabedi a matabwa ogonapo alendo. Ndinaika dengu pansi.

A Mweemba anandipeza pamenepo. Anandiuza kuti iwo anamva za thirakitala kutatsala tsiku limodzi kuti ibwere. Anauza kapitawo kuti pali anthu pansi apo, iye anati zimenezo anakambirana kale ndi akuluakulu ndipo palibe chimene chinalembedwa. Ndiye a Mweemba anatenga chikwanje, anadula nthambi zonse za nkhadze ija, n'kuuza abwana kuti apeza mtengo wa mpanda umene mbuzi sizidya. Anazibzala m'mbali mwa waya, ndipo zitaphuka anadulanso n'kupitiriza. Anati ndi chokhacho chimene anakwanitsa.

Kwathu sindinanene. Ndinkaimba, ndinkatumiza ndalama, ndinkati zonse zili bwino. Tiya anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Pembamoyo komweko, ine ndinatumiza mapoto ndi zitenje, osapita. Mimba yake yoyamba inachoka. Yachiwiri inachokanso itakula. Atatenga yachitatu anandiimbira masana ndili kusita, mawu ake ali otsika ngati pali wina akumvetsera.

“Amama, azakhali akuti atate sanagone, n'chifukwa chake ana sakukhala. Akuti za mafupa azisiya. Mungobwera ndi dothi la kumutu kwawo. Dothi lokha, amama. Mwezi wanga usanakwane.”

Ndinati chabwino mwanangu, ndibwera nalo. Nditaika foni ndinapeza simbi yapsereza nsalu.

Manijala wa pa loji anali mayi wachitsikana wa ku Lusaka, wamsinkhu wa Tiya, ndipo sanali woipa mtima. Ndinalowa muofesi yake, ndinagwada, ndinafotokoza zonse. Ndinapempha kuti andilole kukumba pang'ono pansi pa mchenga, m'mamawa alendo asanadzuke. Anatseka chitseko kaye asanayankhe.

“Amayi, ine ndinapeza gombe, sindinapeze manda. Liwu limenelo musalitchulenso pafupi ndi alendo. Akangomva mmodzi, mawa lili pafoni, tonse pano ntchito yatha.” Anandiyang'ana, kenako anafewetsa mawu. “Ngati ndi mchenga, tengani. Dzazani ndi thumba lomwe.”

Ndinamuuza kuti mchengawo unabwera ndi lole, amuna anga suwadziwa. Anati akaona khasu pagombe adzaitana alonda, ndipo ndisamukakamize kuchita zimenezo.

Ndinapitabe. M'mawa mwake ine ndi a Mweemba tinatsikira kugombe, iwo atanyamula khasu ndi kheni yothirira ngati akupita kumaluwa, ine ndi mataulo. Tinayesa kukumbukira. Kale tinkayezera mtengo wa bwemba umene unali kumtunda ndi mwala umene unali m'madzi, koma bwemba anadula, ndipo madzi anali atatsika chaka chimenecho mpaka miyala inaoneka yambirimbiri. A Mweemba anaima pakati pa timisasa tiwiri n'kuti ndi apa. Anayenda pang'ono, anatembenuka, n'kuti ayi, mwina ndi apo. Mlonda anali ataima pakhonde la bala yogulitsira mowa akutiyang'ana. Pamene a Mweemba analoza kachiwiri panali patagona kale mayi wina wachilendo, wavala magalasi akuda. Anandikodola ndi chala, akufuna thaulo. Ndinamupatsa. Anati zikomo, ine ndili chiimire pambali pake, kuyang'ana mchenga wa pansi pa bedi lake.

A Mweemba anandinong'oneza kuti akumbe paliponse, ndani adzadziwa. Ndinaganizadi. Dothi ndi dothi, alamu sakanalisiyanitsa. Koma pamtunda paja sanagone a Lazaro okha. Panali mnyamata wa ku Luapula amene anamira, panali nkhalamba ina imene palibe ankadziwa kwawo. Ndikanatapa pa mmodzi wa iwo, ndikanamunyamula mlendo n'kukamulowetsa m'nyumba ya mwana wanga ali ndi pakati. Ndinati ayi, khasulo libwerere.

Tinakwera mpaka kumpanda. Nkhadze inali itazungulira loji yonse, yobiriwira, yodulidwa bwinobwino mofanana. A Mweemba anaikhudza ndi chikwanje.

“Amake Tiya, mpanda wonsewu ndi wa Lazaro. Palibe nthambi pano imene inachokera kwina.”

Anandidulira imodzi, utomoni woyera ukudontha. Ndinaikulunga m'saka. Tsiku lomwelo ndinabweza yunifomu ya pa loji, n'kusiya ntchito.

Ulendo wonse, ku Lusaka, ku Chipata, mpaka m'minibasi ya ku Chadiza, saka linali pamiyendo panga. Kondakitala ankafuna kuliponya kumbuyo pa matumba a feteleza, ndinakana. M'njira ndinkakonza mawu, koma onse ankathera pamodzi: ndalonjeza dothi, ndabwera ndi kamtengo. Pa boma ndinapeza njinga zamoto zili mbwee pamene kale pankaima njinga zakapalasa, ndipo mnyamata amene ananditenga sanandidziwe ngakhale ndinamutchulira agogo ake. Sindinayambire ku Mlolo. Ndinati andisiye ku Pembamoyo.

Alamu ndinawapeza pakhonde lomwe lija, atakalamba, tsitsi litayera. Tiya anatuluka m'nyumba atagwira msana, mimba ili patsogolo. Ndinamusiya kamtsikana, ndinapeza mayi wa nkhope ya atate ake. Sanandithamangire. Anayang'ana saka.

Atandipatsa mphasa ndi moni, alamu anafunsa kuti dothi lili kuti. Ndinati palibe. Ndinawauza za msewu, za waya, za thirakitala, za mayi wa magalasi akuda. Ndinati pamene mlongo wawo agona sindipadziwanso, ndipo ndikanatha kuwabweretsera dothi la wina koma sindinafune. Ndinamasula saka n'kuika nthambi pamphasa, ndikufotokoza kumene inachokera. Tiya anayamba kulira osatulutsa mawu. Alamu anaiyang'ana nthawi yaitali, ananyamuka, analowa m'nyumba, ndipo tsikulo sanayankhulenso nane. Ndinagona m'khitchini, nthambi ili pambali panga.

Kutacha anabwera ndi atsibweni awo, nkhalamba yoyendera ndodo, atauza kale eni manda monga mwa mwambo. Alamu anati nditenge kamtengo kanga ndiwatsate. Tiya anatsala. Tinalowa m'mitengo mpaka pamanda a apongozi anga. Pambali pake panali mulu wina, wakale, wosesedwa bwino.

“Apa ndi pa Lazaro,” anatero alamu. “Amayi anakana kufa mwana wawo alibe malo. Tinaika thunthu la nthochi, talikulunga m'malaya ake akale. Tinalira tokha. Pamphasa ya mkazi wake panalibe munthu.”

Ndinati, koma alamu, munanena kuti ndisabwere popanda iye.

“Ndinanena. Mlongo wanga anali atamwalira dzulo lake, mumafuna ndinene chiyani? Inu mawuwo munawasunga ngati mbewu. Ife timamva kuti ndalama zafika ku Mlolo, mapoto afika. Timati mkazi wapeza moyo kunyanja.”

Ndinafunsa kuti nanga dothi linali la chiyani ngati malo alipo kale. Anati nthochi ndi nthochi, mtima wawo sunakhazikikepo, ndipo ana a Tiya atayamba kuchoka tulo tinawathawa. Kenako anawonjezera, akuyang'ana kumbali, kuti mwana wataya kawiri make ali kutali, akanandiitana ndi chiyani china.

Sanandiuze kuti andikhululukira, ndipo ine sindinafunse. Anatenga nthambi ija m'manja mwanga, anaitembenuza, anafunsa ngati inameradi pa iye. Ndinati make wa nthambiyi ndinabzala ndekha kumutu kwake, ndipo anamera pamenepo zaka zonsezo. Atsibweni anakumba kadzenje ndi ndodo yawo. Alamu anabzala, ine ndinakwirira. Anandichenjeza kuti ndisagwire m'maso ndi utomoni, ngati kuti ine nkhadze sindiidziwa.

Anandimeta sabata yomweyo, kuseri kwa nyumba, abale anga a ku Mlolo atabwera ndi amayi pangolo. Duku litachoka, tsitsi linali litapotana ngati chingwe, ndipo lumo linavutika. Alamu ankameta akung'ung'udza kuti fungo la kapenta likadalimo. Tiya anaseka, koyamba chifikire ine.

Tsopano ndikulemba ndili pa boma, m'nyumba yodikirira amayi apakati ya pachipatala. Anamwino anapeza kuti magazi a Tiya amathamanga, akumupatsa mankhwala, ndipo anati asadikirire kumudzi. Sindikudziwa kuti zitha bwanji. Ndimamuphikira, ndimamusisita mapazi, ndimagona pansi pambali pake. Zaka zonse zija ndinkalondera mulu wa kunyanja, ndikuganiza kuti kwathu anditsekera chitseko, pamene kwathu ankasesa mulu wina n'kumati ine ndinawaiwala. Palibe amene anakwera phiri kukafunsa mnzake.

Dzulo alamu anabwera ndi ufa ndi nsawa pa njinga yamoto, atagwira woyendetsa m'chiuno mwamantha. Asanakhale pansi anandiuza kuti anapempha atsibweni akaone, ndipo nkhadze yagwira, yatulutsa timphukira. Kenako anandikankha pang'ono ndi phazi kuti ndisunthe pamphasa, nawo akhale pafupi ndi mwana.